Mawu a mayi anga pa khoma la ku Balaka

Kaseti ija ndinaiba. Kwa zaka ziwiri ndinkadziuza kuti ndinangobwereka, koma wobwereka amapempha, ndipo ine sindinapemphe.

Inali m'bokosi lachitsulo la anganga, amayi a mayi anga, amene anandilera ku Utale kuchokera pamene mayi anamwalira ine ndili ndi zaka zisanu. Bambo sindinawadziwe, anatsogola ndisanayambe kuyenda. M'bokosimo munali nsalu ziwiri za malemu, kolona woduka, khadi langa la ku sikelo, ndi kasetiyo yokulunga m'pepala la shuga. Wailesi yoimbira kaseti inafa kalekale, mphemvu zinamangamo mudzi.

Anganga satchula dzina la mwana wawo. Akafuna kunena za iye amangoti "uja anapita". Si munthu wotukwana kapena womenya. Ukawalakwira kwenikweni amangosiya kukulankhula. Amalume anga, mlongo wake wa mayi, anatenga njinga ya malemu osapempha n'kukaigulitsa ku Ulongwe, ndipo kuchokera tsiku limenelo anganga sanawalankhulenso. Amalume amabwerabe, amakhala pakhonde, amapereka moni. Anganga amapitiriza kutongola chimanga ngati pakhondepo pangogona galu wa eni. Akafuna kuwauza kanthu amauza munthu wina amene ali pafupi: "Muuzeni achotse phazi pa mphasa yanga." Ine ndinakula ndikuonerera zimenezi ndili pakona, ndipo ndinkadziwa kuti amalume ali ndi mkazi ndi ana oti aziwalankhula. Ine ndinali ndi anganga okha.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito pa Balaka, mu shopu yotaipa ndi kusindikiza makalata. Makasitomala akasowa ndinkadziphunzitsa kupanga masamba a pa intaneti. Pafupi ndi shopuyo panali mkulu wina wokonza mawailesi amene anandiuza kuti angathe kusamutsa mawu a mu kaseti kuwaika mu kompyuta. Loweruka lina ndili kumudzi, anganga atapita kukamangirira mbuzi, ndinatsegula bokosi lija. Loweruka lotsatira ndinabwezera kasetiyo pamalo pake, nditaikulunga monga ndinaipezera.

Mawuwo sakwana mphindi khumi ndi zisanu. Amene anajambula sindimudziwa. Mayi akufotokozera anthu za ulendo wawo wa ku nyanja ya Chiuta, kumene ankakagula nsomba zouma zodzagulitsa pa msika wa Balaka. Akunena za sitima ya ku Nayuchi, za njinga imene inawagwetsera m'matope pamodzi ndi dengu la matemba, za asodzi amene ankawaseka chifukwa cha Chiyao chawo chopotoka. Amayamba kuseka nkhani isanathe. Sindinkadziwa kuti mayi anga anali munthu woseka. Palibe amene anandiuzapo.

Nditapatsidwa tchuthi ndinayenda njira yawoyo ndi foni yanga. Ndinajambula njanji pa Nkaya, mathandala oyanikapo nsomba ku Chiuta, bwato lobisala m'mabango, matope a m'njira, malo a pamsika pomwe amayi a nsomba amakhala. Chithunzi chomaliza ndinachijambula kwathu, mwezi wa Novembala, tsiku limene akhristu amapita kukalambula ndi kupempherera manda. Foni ndinaibisa m'chitenje, ndikungotulutsa kadiso kake. Chinatuluka chopendekeka pang'ono: mulu wa dothi, mtanda wachitsulo, ndi mthunzi wa mtengo wa mtondo.

Kenako ndinaduladula mawu a mayi m'zidutswa zisanu ndi zinayi, chilichonse ndikuchiika kuseri kwa chithunzi chake. Munthu akatsegula tsambalo amaona njanji, akadina amamva za sitima, kenako chithunzi china chimabwera. Chidutswa chomaliza, pomwe mayi akuitana ine, ndinachiika kuseri kwa manda. Ndinawonjezanso kanthu kena komwe ndinanyadira kwambiri. Aliyense amene watsegula tsambalo nthawi imeneyo ankaoneka ngati kadontho koyera koyendayenda pa chithunzi. Mawu aliyense ankamva yekha kumene ali, koma timadontho ta anzake ankationa. Masiku ena ndinkapeza kanga kokha. Masiku ena ndinkapeza titatu, tinayi, ndipo ndinkakhala ndikutiyang'ana mpaka kasitomala atandigogodera pa tebulo. Dzina langa sindinalembepo. Ku Utale palibe amene akanakumana ndi tsambalo, ndinkatero mumtima.

Pa Balaka pali mayi wina amene anakhala zaka zambiri ku Blantyre, atabwerera anasandutsa sitolo yakale ya bambo ake kukhala nyumba yoonetseramo zojambula ndi zosema. Aliyense amawatcha anti. Ankabwera ku shopu kwathu kudzasindikiza zidziwitso, ndipo tsiku lina anandipeza nditatsegula tsamba langa.

"Ichi wapanga ndani?"

Ndinaweramira tebulo, ndipo iwo anamva yankho.

"Iwe mtsikana, chinthu ngati ichi ukuchibisa kuseri kwa makalata ofunsira ntchito? Chikubwera kwanga."

Ndinavomera chifukwa sindidziwa kukana munthu amene akundiyang'ana m'maso. Ndinangopempha kuti tisindikize zithunzizo tizipachike, mawu tiwasiye.

"Zopachika zadzadza kale makoma anga," anatero anti. "Ichi ndi chamoyo. Anthu achigwire."

Tinatha sabata ziwiri tikukangana za kaonetsedwe kake, ngati kuyankha kwanga kwa mawu awiriawiri kungatchedwe kukangana. Anti anabwereka pulojekita ndi tabuleti yaikulu, ija ya galasi lokhudza ndi chala. Tabuletiyo tinaiika pa katebulo pakati pa chipinda, waya n'kupita ku pulojekita, kuti chimene munthu wakhudza chizioneka pa khoma lonse. Khomalo tinalipaka laimu kawiri. Mawindo tinatchinga ndi nsalu zakuda. Ine ndinkafuna mahedifoni, kuti munthu azimva yekha, mawu asatulukire pamsewu. Tinayesa, koma analipo amodzi okha, ndipo anti anati amayi ovala duku sangalole chinthu chimene chachoka m'makutu mwa mnyamata wa kabaza. Anabweretsa sipika ya kutchalitchi. Netiweki m'chipindamo inali yovuta, moti foni yopereka intaneti tinkaiika pawindo, pamwamba pa njerwa ziwiri. Ndinati bwanji tingoonetsa zimene ndasunga mu laputopu, osadalira intaneti.

"Ndiye timadonthoto tipita kuti? Mtima wake ndi umenewo. Anthu a pa Balaka aone kuti akuonera limodzi ndi anthu a kutali."

Pa chidziwitso chimene anti anamata m'tauni analembapo dzina langa ndi zilembo zazikulu. Ndinachisindikiza ndekha. Patapita masiku anayi, mkazi wa katekisiti wa kwathu anabwera kudzagula mbewu ndipo anachiwerenga. Lachitatu masana foni yanga inalira.

"Akuti ukuonetsa kanema kutauniko."

"Si kanema kwenikweni, anganga."

"Nanga n'chiyani?"

"Zithunzi chabe."

"Za chiyani?"

"Za nsomba."

"Nsomba." Ndinkamva mbuzi ikulira kumbuyo kwawo. "Chabwino. Tibwera Loweruka ndi amayi a limana, tidzaone nsomba zakozo."

Kuyambira pamenepo chakudya chinasiya kutsika. Ndinatsegula laputopu kawiri kuti ndichotse mawu ndi manda, ndisiye nsomba zokhazokha monga ndinanenera, ndipo kawiri konse ndinaitseka osachotsa kanthu. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinkaopa anti kapena ndinkafuna kuti anganga amve. Ndinapempherera kuti Loweruka magetsi athime, koyamba m'moyo wanga. Kenako ndinaona anti akulowetsa batire ya sola kuseri kwa chitseko.

Tinatsegula Lachisanu m'mawa. Anabwera ana a sekondale ndi aphunzitsi awo, anyamata a kabaza ofuna mthunzi, ndi amayi awiri ogulitsa tomato amene anamva sipika ali pamsewu. Ine ndinaima kumbuyo, pafupi ndi batire. Poyamba anthu ankaopa kukhudza galasilo, koma mnyamata wina atakhudza njanji, mawu a mayi n'kudzadza chipinda, onse anayamba kulimbirana. Pa nkhani ya njinga ndi matope anaseka mpaka wina kugwira khoma lathu la laimu. Ndinaona anthu osawadziwa akuseka limodzi ndi mayi anga, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala za Loweruka.

Chithunzi chachisanu ndi chinayi chitafika pa khoma, kuseka kunatha. Mtsikana wina wa yunifolomu anatambasula dzanja, mnzake n'kumumenya pamkono.

"Iwe! Ukuloza manda? Chala chidzawola chimenecho."

"Si manda enieni, ndi chithunzi."

"Ndiye khudza tione."

Sanakhudze. Palibe amene anakhudza. Inenso ndinakula ndi lamulo lomwelo: manda salozedwa ndi chala, ukafuna kusonyeza umapinda dzanja kapena kuloza ndi mlomo. Koma tsamba langa ndinalipangira pa laputopu, ndipo pa laputopu chimene chimakhudza manda ndi kamuvi, osati chala chako. Zaka ziwiri sindinaganizepo. Tsopano ndinali nditaika manda a mayi anga pa tebulo pakati pa tauni, ndikuuza anthu kuti awatose ndi chala.

"Zachikale zimenezo," anatero anti mokweza. Anapita pa katebulo kuti asonyeze chitsanzo. Ndinawaona akuima pang'ono, kenako akutulutsa bolopeni m'tsitsi n'kukhudza galasi ndi kumbuyo kwake. Galasilo silimva bolopeni. Anaibwezera m'tsitsi n'kunena kuti netiweki yavuta.

Tsiku lonse zinayenda choncho. Gulu lililonse linkafika pa manda, n'kuima, n'kutuluka mwakachetechete, ine n'kubwezera pa njanji. Nthawi yonseyo timadontho ta anthu akutali tinkayenda pa khoma. Pa njanji ndi pa mabango tinkaoneka tokongola. Pa mulu wa dothi tinkaoneka mwa mtundu wina. Bambo wina wa kabaza anayang'ana nthawi yaitali, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, tinthu tikukwawa pamandati n'tiyani?"

"Ndi anthu," ndinayankha.

"Anthu?" Anavala chipewa n'kutuluka.

Loweruka anganga anafika cha m'ma leveni pa lole ya matola, ali ndi amayi atatu a limana, gulu lawo lopemphera la m'mudzi. Onse anavala zitenje zofanana. Ndinawalonjera panja nditagwada. Anganga anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wawonda. Nsomba zako sukudyako?"

Pakhomo anavula nsapato, ngakhale anti anawauza kuti palibe chifukwa. Mipando ya pulasitiki anaikana, anakhala pansi pa simenti atatambasula miyendo. Mmodzi wa iwo, mayi wamfupi amene wakhala mnzawo wa anganga kuyambira ndisanabadwe, anayang'ana nsalu zakuda za m'mawindo.

"Mdimawu bwanji? Tabwera kudzalapa?"

"Mukalapa inu tituluka mawa," anatero wina.

Wachitatu anatembenukira kwa ine. "Mwanawe, yatsa tione. Mchere wa nsombazo tabwera nawo."

M'chipindamo munali anthu ena ngati khumi. Ndinapita pa katebulo. Ndinakhudza njanji.

Anganga anali atatsegula kabotolo kawo ka fodya wamphuno. Mawu atayamba, dzanja lawo linaima m'malere. Mayi wamfupi uja anagwira pakamwa.

"Mayo ine. Ameneyu si..."

Sanamalize. Onse atatu anatembenukira kwa anganga. Anganga ankayang'ana sipika, osati khoma. Chidutswa chitatha anatseka kabotolo.

"Bwereza."

Ndinabwereza. Kenako tinapita pa mathandala, pa bwato, pa matope. Palibe amene anaseka pa nkhani ya njinga, ngakhale aja anali kumbuyo. Pa chithunzi chachisanu ndi chiwiri, mayi ali mkati mofotokoza, mumamveka mawu ena chapatali, a munthu wolusa: "Zimitsani chimenecho, mukutha mabatire! Mbuzi zili m'munda mwa eni, inu muli kukamwa yasa!"

Mayi wamfupi anaphulika kuseka misozi ili m'masaya.

"Ndinu amene! Mayi inu simunasinthe ngakhale pang'ono!"

"Mabatirewo ndinkagula ndine," anatero anganga, osaseka.

Kenako manda anafika pa khoma, aakulu kuposa chitseko. Wina kumbuyo anatuluka. Anganga anayang'ana mtanda, mthunzi wa mtondo, ndi kupendekeka kwa chithunzicho.

"Unajambula liti?"

"Tsiku lolambula, anganga."

"Ine ndili pomwepo?"

"Munkazula udzu chakumutu."

"Muli chiyani m'menemo?"

"Mawu omaliza."

"Tsegula."

Ndinakweza dzanja. Chala changa chinakana kuwongoka.

"Chala iyayi, mwanawe," ananong'ona mayi wamfupi.

Anganga anadzuka, pang'onopang'ono chifukwa cha bondo, n'kubwera pa katebulo. Anaweramira galasilo. Anapinda zala ngati nkhonya, n'kugogoda ndi mfundo monga munthu agogodera chitseko cha eni.

"Odi."

Galasi silinamve, anagogoda mofulumira kwambiri. Anagogodanso kamodzi, mfundo n'kuisiya pomwepo. Sipika inakhosomola, kenako mayi anatchula dzina langa.

"Bwera kuno, dzalankhule mu wailesi. Bwera! Nena kuti moni. Lankhula iwe. Aaa, uyu salankhula, amangoyang'ana anthu ngati wamisonkho pamsika." Kuseka. Kenako kupuma kwa mwana pafupi ndi wailesi, nthawi yaitali, mpaka kaseti kutha.

Anganga anakhala chiimire, nkhonya ili pa tebulo.

"Kaseti ili m'bokosi mwanga."

"Ndinabwezera."

"Liti?"

"Papita zaka ziwiri."

"Zaka ziwiri." Analankhula motsitsa, moti ndikhulupirira aja anali kumbuyo sanamve. "Ine ndinkati mawu ake anawolera m'menemo. Ndinkaopa n'kuigwira komwe. Iwe zaka ziwiri ukumumva mwana wanga, ukubwera kwathu, ukudya, ukuchapa, osanena."

Ndinayang'ana mapazi awo, fumbi la m'lole lili m'zala.

Pamenepo anaona timadontho. Tinalipo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, kena kakuzungulira pa mtanda penipeni.

"Nanga utu?"

Anti anaona ngati mpata wokonza zinthu wafika. Anayandikira akumwetulira.

"Amenewo ndi anthu, agogo. Ali kutali, ena mwina kunja kwa dziko lino. Akuonera limodzi nafe pompano, pa mafoni awo. Mdzukulu wanuyu wapanga chinthu chachikulu. Mwana wanu akumveka dziko lonse."

"Akutiona?"

"Iyayi."

"Ife tingawaone nkhope?"

"Iyayi, timadontho tokhato."

"Uyu ali pa mtandayu ali kuti? Ali m'nyumba? Ali kumowa?"

"Sitingadziwe, agogo."

"Walonjera ndani?"



Anganga anatembenuka, n'kundipatsa msana. Anayang'ana anti.

"Amayi, muuzeni mwana uyu kuti pa manda a mwana wanga sipoyenda anthu opanda nkhope."

Ndinamva mawu akuti "muuzeni" ngati munthu wandithira madzi ozizira. Ndinali nditaima pafupi nawo moti ndikanatha kugwira chitenje chawo. Amayi a limana anawerama. Iwo ankadziwa tanthauzo lake monga ndinkadziwira ine.

"Muuzeni kuti olowera pakhomo apa alowe. Ndawaona, avula zipewa, akhala chete. Amve. Koma awa atuluke."

"Agogo, pepani," anatero anti, "koma tikawachotsa amenewa chinthuchi chafa. Chisanduka kanema wamba. Anachipangira pa intaneti, kwawo n'kumeneko. Pali anthu ku Lilongwe amene ndawauza kuti atsegule mawa. Mwanayu chingamutsegulire njira."

"Ine za njira sindikuzidziwa. Muuzeni."

Anti anandiyang'ana. "Ndi chako," anatero. "Nena ndiwe."

Ndinapita kumbuyo, ndinatenga laputopu, ndinakhala pansi pafupi ndi batire. Mawu achinsinsi olowera ndinawalakwitsa katatu. Netiweki inathawa, ndinadzuka kukatembenuza foni pa njerwa zake, ndinabwerera. Chipinda chonse chinali zii, kupatula njinga zamoto pamsewu. Ndinkaganiza za timadontho tija, momwe ndinkatiyembekezera mu shopu masana opanda kasitomala, ndi kuti mwina mwa ito munali wina amene mayi ake anapitanso. Ndinatseka tsambalo. Khoma linayera mbee, pakona pali timalemba tachingerezi tonena kuti palibe chopezeka. Ndinazula waya ku tabuleti, ndinatumizamo zimene ndinasunga, ndinalumikizanso. Zinanditengera nthawi yoti munthu akanatha kuphika tiyi. Anganga sanakhale pansi ndipo sanatembenuke.

Njanji inabwerera pa khoma. Panali kadontho kamodzi kokha, kosayenda.

"Katsalaka ndi ka ndani?" Anafunsa akuyang'ana khoma, ndipo sindinadziwe ngati akufunsa anti, amayi a limana kapena mphepo.

"Ndi kathu, anganga," ndinayankha. "Ka ife tili muno."

Ndinawerenga kupuma kwanga mpaka kasanu ndi kawiri. Kenako anabwerera pamalo pawo, anatsikira pansi atagwira phewa la mayi wamfupi, anakonza chitenje pa mawondo.

"Iwe," anatero, maso ali pa ine. "Yambira poyamba. Pa sitima paja sindinamve bwino, awa amalongolola."

Tinamvera katatu. Kachitatu, pa nkhani ya matope, anganga anatulutsa mpweya m'mphuno, kumene kwa iwo ndi kuseka. Anati dengu lija linali lawo, ndipo silinabwerenso.

Masana onse sanachoke. Anasamukira pafupi ndi chitseko, ndipo aliyense wolowa ankamulonjera, kumufunsa kwawo ndi kwa makolo ake. Anyamata ankavula zipewa asanauzidwe. Gulu likafika pa chithunzi chomaliza ankati, "Gogodani, musaloze," ndipo anthu ankagogoda. Lole yobwerera inawasiya. Anti sanandilankhule bwino kwa masiku atatu, ndipo a ku Lilongwe aja sanamvekenso, koma chionetserocho anachisunga mpaka sabata yake itatha. Asanakwere lole ya Lamulungu, anganga anandipatsa kafoni kawo ka mabatani kuti ndiikemo mawuwo. Anati ndichotsemo pa mabatire paja. Sindinachotse, ndipo sanadandaulepo.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinawauze. Iwo amakhulupirira kuti tsiku lija ndinatseka chitseko, onse akunja n'kutuluka. Koma tsambalo linakhala lotsegula zaka ziwiri, ndipo aliyense amene ankafuna akanatha kujambula mawuwo n'kusunga, kapena kutumizira mnzake. Sindidziwa ngati alipo anatero, ndipo palibe njira yodziwira. Mwezi wathawu ndili mu minibasi pa Liwonde, foni ya munthu wina kumbuyo inatulutsa mawu a mayi akuseka nkhani isanathe. Ndinatembenuka mofulumira moti mayi amene ndinakhala naye anagwira chikwama chake. Sanali mawu a mayi anga. Ndikapita ku Utale, wachinyamata aliyense akatulutsa foni pafupi ndi nyumba yathu ndimasiya chimene ndikuchita n'kutchera khutu, anganga ali pakhonde akutongola chimanga.